Ndinawalawitsa Mayi Anga Thobwa

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Mundilole ndilankhule chokhala, mawondowa anapuma pa ntchito ine ndisanapume. Ena mwa inu mumandidziwa kuti aphunzitsi a Layisoni, aja ankakuphunzitsani sayansi ku sekondale, ndipo kumbuyoko ndikumuona mmodzi amene anandiswera botolo la mu labu n'kunamizira mphepo. Usabise nkhope, ndinakukhululukira kale. Koma lero sindinabwere ndi choko. Ndabwera ngati mnzanu amene anagonapo m'ngalande ya ku msika wa Machipisa, agalu akumununkhiza kumapazi.

Ndakhala ndikukuyang'anani chilowereni muno. Wina wasankha mpando wa pafupi ndi chitseko. Wina maso ali pa aliyense wolowa, mumtima akudzifunsa kuti zimene ndinene muno zikathera kwa yani. Sindikukusekani, ine ndinali woposa pamenepo. Mowa wanga sunayambe ndi chisangalalo kapena ndi anzanga oipa. Unayamba ndi kukayikira anthu, ndipo unandilanda mayi anga iwo akadali moyo. Nkhani yanga ndi imeneyo.

Ndinabadwira ku Rugare, m'nyumba za njanji zija zogundana khoma, zoti mnansi akayetsemula iwe n'kumuuza kuti pepani. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzalowa ntchito ya njanji kuno ku dziko la Ashona, ndipo masiku ambiri ankakhala ali pa ulendo ndi sitima. Nyumba ankaiyendetsa ndi mayi anga, aNambewe, mayi wa Mvano, wamfupi, wosachedwa kuyankha. Ankadziwika ndi thobwa. Anansi athu a Chishona ankalitcha maheu, mayi n'kumakana kwamtuwagalu, amvekere maheu ndi phala lolephera, ili ndi thobwa.

Pali mwambo umene mayi anabwera nawo kuchokera kumudzi, ndipo muugwiritse chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kukabwera mlendo, ankathira thobwa m'kapu, n'kumwako pang'ono iwo eni mlendoyo akuona, n'kupukuta pamlomo pa kapu ndi chikhatho, kenako n'kumupatsa ndi manja awiri atagwada. Ankati kumeneko n'kuchotsa ufiti. Kunali kumuuza mlendo kuti mulibe kanthu umu, ngati muli imfa iyambe ndi ine. Koma zimenezi zinali za alendo basi. Ife ana a m'nyumba ankangotipatsa ndi dzanja limodzi, maso ali kwina, pakamwa akukalipira wina amene wasiya chitseko chosatseka.

Nditakhoza mayeso ananditenga ku yunivesite kukaphunzira kemisitiri ndi fizikisi. Inali nthawi ya nkhondo, azungu a kuno atakana kumvera kwawo n'kudzilamulira okha, ndipo anthu akuda a sayansi tinali ochepa kwambiri. Rugare yense ananyadira. Azibambo a njanji ankandivulira zipewa ine mwana, ndipo mayi ankayenda ngati msewu anaugula.

Mu labu tinkagwira ntchito awiriawiri. Masiku amenewo kunalibe timipira topopera timene ana a lero amagwiritsa ntchito. Ukafuna kutunga mankhwala amadzi pa mlingo woyenera, unkatenga kapaipi kagalasi kotchedwa pipeti, mbali ina m'botolo, ina pakamwa, n'kukoka mpweya mpaka madziwo afike pa mzere, kenako n'kutseka ndi chala msangamsanga. Ukakoka mopitirira, alowa m'kamwa. Ndiye mmodzi ankasakaniza mankhwala n'kulemba dzina pa botolo, winayo n'kumakoka. Zimene mnzako walemba unkangozikhulupirira. Pakamwa pako pankakhala m'manja mwa munthu wina tsiku lililonse, ndipo palibe amene ankaziganizira.

Mnzanga wa mu labu anali Tendai wa ku Highfield, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Ankanditcha Mubhurandaya, dzina limene ankatitcha ife a ku Malawi ngati tonse tinachokera ku Blantyre, ine n'kumamubwezera dzina limene sindingalitchule m'nyumba ya mapemphero. Ankabwera kwathu Loweruka kudzamwa thobwa. Mayi anamulawira maulendo oyamba okha, kenako anasiya, amvekere uyu ndi wa m'nyumba tsopano.

Chaka chachiwiri ophunzira anachita zionetsero, ndipo patapita masiku apolisi anabwera m'mawa kudzatenga ena a ife, ine ndi Tendai tili momwemo. Ankati pali mankhwala amene akutuluka mu labu n'kumapita kwa anyamata omenya nkhondo a kutchire. Ine sindinkadziwa kanthu. Anandimenya, inde, koma zomenyazo si zimene zinandiwononga. Chinandiwononga ndi munthu wina amene analowa pambuyo pake, wovala zake osati yunifolomu, n'kutulutsa anzake aja, n'kundilankhula Chichewa chenicheni cha kumudzi.

“Achimwene, akupwetekani anthu awa? Pepani. Kwanu ndi ku Dedza eti? Bambo akadali pa sitima ya ku Bulawayo?”

Kumva chilankhulo cha mayi anga m'chipinda chimene chija, misozi inalengeza. Ndinkayesa ndapeza mbale. Kenako anayamba kundibwerezera mawu anga. Zimene ndinanena kwa Tendai tikutsuka mabotolo. Zimene ndinanena m'nyumba mwathu ku Rugare, pa nkhani ya masitima onyamula asilikali, bambo ndi mayi okha alipo. Anazinena mawu ndi mawu, akumwetulira. Lero ndikhoza kukuuzani kuti makoma a ku Rugare ndi opyapyala ndipo ine ndinali ndi pakamwa pokweza. Tsiku limenelo sindinaganize za makoma. Ndinaganiza za anthu.

Anaitanitsa tiyi. Atabwera naye, anamwako pang'ono, n'kupukuta kapu ndi chikhatho, n'kundipatsa ndi manja awiri.

“Kwathu timatero, si choncho?” anatero. “Ife tikufuna tizingocheza nanu basi, mwa apo ndi apo.”

Ndinati ndilibe choti n'kuwauza. Sanakwiye.

“Palibe kanthu, achimwene. Koma mukatuluka muno muzisamala ndi zimene mukumwa. Anzanu aja sakhululuka, ndipo inu mwaphunzira, mukudziwa nokha kuti zina sizinunkha, sizimveka pa lilime.”

Ananena zoona, ndinkadziwa. Tinali titaphunzira m'kalasi za zinthu zoti kachidutswa kochepa ngati kambewu ka mpiru n'kokwanira kugwetsa munthu.

Sanandisiye pa geti ya polisi ayi. Ananditenga pa galimoto yawo, Loweruka masana, n'kukanditsitsa pakati pa Machipisa, pamene anthu ali pikitipikiti. Munthu uja anatsika nane, anandigwira chanza nthawi yaitali, anandiika paketi ya fodya m'thumba la malaya, n'kunena mokweza kuti, “Zikomo kwambiri achimwene, tionana.” Ine sindinkasuta n'komwe. Tendai anatsala m'kati.

Pofika madzulo mawu anali atafika kale ku Rugare. Mutengesi, ndiye kuti wogulitsa anzake. Ndipo zinali zosavuta kukhulupirira, pakuti ife a ku Malawi ankatikayikira kale, amvekere dziko lanu limadyera limodzi ndi azungu. Azibambo aja anasiya kuvula zipewa. Ku yunivesite ndikakhala pa tebulo, anzanga ankanyamula mbale zawo mmodzimmodzi. Nthawi imeneyo dzina la mutengesi linkapha, inu akuluakulu mukudziwa.

Apa ndiye zinthu zinayamba kuthamanga. Ndinasiya kudya ku holo ya ophunzira. Ndinkadya mazira owiritsa oti ndaswa ndekha, nthochi, nsomba za m'chitini. Buledi wodula kale sindinkamukhudza. Madzi ndinkamwa pa mpopi, nditautsegula kaye kwa nthawi. Munthu akandiseka ndinkati akudziwa kanthu, akapanda kundiseka ndinkati akubisa kanthu. Anandipatsa mnzanga watsopano mu labu, mnyamata wofatsa amene sanandilakwire chilichonse. Akasakaniza mankhwala, ine ndinkataya n'kuyambiranso ndekha. Akatsuka pipeti, ndinkakatsukanso. Ntchito ya anthu awiri munthu mmodzi saitha, ndiye nthawi inkandithera ndisanafike pakati. Tsiku la mayeso mabotolo anali atawakonzeratu anthu a mu labu. Ndinaimirira pipeti ili m'manja, anzanga onse akukoka, ine pakamwa panakana. Ndinaiika pansi n'kutuluka. Umo ndi mmene inathera yunivesite ya mwana wa aNambewe.

Tsono tamverani uchitsiru wake. Chinthu chokhacho chimene ndinkachikhulupirira pa dziko lonse chinali botolo la mowa, chifukwa limabwera lotseka. Ndinkapita ku shabini ya mayi wina kuseri kwa Machipisa, n'kulozera botolo la pakati pa kireti, n'kulitsegula ndekha ndi mano. Dzino limene mukuliona kuti palibe apali linatsala kumeneko. Ndikapita kukataya madzi, botolo ndinkapita nalo, chala chili pakamwa pake ngati pipeti. Munthu wophunzira kemisitiri, wothawa poizoni wa m'maganizo, n'kumagula poizoni weniweni wolembedwa dzina, n'kumati apa ndiye ndatetezeka. Ndinagulitsa mabuku. Ndinagulitsa wotchi imene bambo anandigulira. Jasi yanga yoyera ya mu labu ndinaigulitsa kwa munthu wa butchala, ndipo ndinkamuona tsiku lililonse akudula nyama atavala dzina langa pachifuwa.

Kunyumba ndinkangopita kukagona. Mayi ankandisiyira chakudya chovindikira, ine n'kumachipereka kwa galu wa anansi, n'kukhala pa khonde kumuyang'ana galuyo ngati agwe. Galuyo ananenepa, ine ndinatha ngati bango. Mayi ankaona zonsezi, koma mawa lake ankandivindikirira china.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndafika pa tsiku lenilenilo.

Linali Lachinayi masana, tsiku la amayi a Mvano, ndipo sabata imeneyo ankasonkhana kwathu. Ndinabwera kuchokera kumene ndinagona, thupi likunjenjemera, milomo itang'ambikang'ambika, kukhosi kuli gwaa. Ndinawapeza atakhala pa mphasa m'chipinda chochezera, atavala zoyera zawo, atamaliza mapemphero. Mayi anali pakati ndi ndowa ya thobwa, akuthira, kulawa, kupukuta, kupereka. Amayi ena ankaseka, amvekere, “Inu aNambewe, ife mukutilawira chiyani, tinayamba liti kumwa zanu?” Mayi amvekere, “Mwambo ndi mwambo, landirani.”

Ndinafuna kudutsa mwakachetechete, koma anandiona. Sanandikalipire, sanandichititse manyazi. Anathira kapu yodzaza n'kuitambasulira kwa ine ndi dzanja limodzi, maso ali kwa mayi wina amene ankamuyankha nkhani, monga mmene ankachitira chibadwire changa.

“Iwe, tenga umwe, waumiratu.”

Ndinayang'ana kapu ija. Fungo lake linandilowa mpaka m'mimba. Ndinkalifuna thobwa limenelo kuposa chilichonse. Koma m'mutu munabwera mawu a munthu wa ku polisi uja, ndi zimene ndinanena m'nyumba muno bambo ndi mayi okha alipo. Ndipo ndinaona kuti ena onse awalawira, ine ndekha ayi. Pakamwa panga panatuluka mawu awa, pamaso pa amayi a mpingo onse aja:

“Simunalawe.”

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono.

“Wati chiyani?”

“Langali simunalawe. Yambani ndinu.”

Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa. Wina anati, “Mwana iwe!” Mayi anga anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anadzuka pa mphasa paja, anakonza chitenje, anabwera pamene ndinaima. Anagwada ndi mawondo onse awiri patsogolo panga, mayi ondibereka. Anamwa thobwa lija kamodzi, anapukuta pamlomo pa kapu ndi chikhatho, n'kuikweza ndi manja awiri.

“Landirani, alendo.”

Mukuganiza kuti pamenepo ndinagwa pansi n'kulira? Ayi abale, ndikanakonda zikanatero. Sindinalandire. Ndinaima n'kumawayang'ana pakhosi. Ndinkafuna kuona ngati amezadi, kapena asunga m'tsaya. Ndipo m'mutu mwanga, mutu wa ku yunivesite uja, ndinkawerengera kuti ngati muli kanthu, papita nthawi yaitali bwanji kuti ayambe kuonetsa zizindikiro.

Mayi anaona pamene maso anga anali. Anandidziwa, pajatu anandibereka. Ali chigwadire, kapu ili m'mwamba, anatsegula pakamwa pawo ponse n'kutulutsa lilime, monga amachitira mwana kuchipatala pomuonetsa namwino kuti wameza mankhwala. Ndinaona m'kamwa mwa mayi anga, mano awo ochepa aja, mulibe kanthu. Misozi inkatsika m'masaya koma pakamwa sanatseke.

Pamenepo ndi pamene ndinadziona. Ndinazindikira kuti ndaima apa kudikira kuti mayi anga agwe, ndipo akanagwa, mbali ina ya mtima wanga ikanati, mwaona, ndimanena ine. Apolisi aja anandimenya masiku angapo n'kundisiya. Koma munthu amene anagwaditsa aNambewe pamaso pa anzawo n'kuwatsegulitsa pakamwa sanali wapolisi. Ndinachita mantha ndi ine mwini kuposa mmene ndinkaopera anthu onse a ku Machipisa.

Mayi wachikulire uja anati, “Tiyeni tipemphere.” Mayi anga anati, “Ayi, amwe kaye.”

Ndinalandira n'kumwa yonse. Chinali chinthu choyamba cholandira m'manja mwa munthu pa miyezi yambirimbiri. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri, pafupi ndi mpanda wa njanji, kudikira imfa. Ndinasanza, chifukwa m'mimba munali mutaiwala chakudya, ndipo ndinati basi yayamba. Ndinadikira mpaka sitima ya madzulo inadutsa. Imfa siinabwere. Chinabwera ndi njala, ndi manyazi oti sindingathe kuwafotokoza.

Ndikuuzeni tsono zimene ndinachita, chifukwa kulira kokha sikuchotsa munthu m'ngalande.

Bambo atabwera ku ulendo ndinawauza zonse, kuyambira tiyi wa ku polisi mpaka galu wa anansi. Kunena zinthu mokweza kumathandiza, chifukwa zina zimene zimaoneka zanzeru m'mutu, ukazitulutsa pakamwa umazimva wekha kuti ndi misala. Bambo sanali munthu wolankhula. Anangovala chipewa n'kunditengera ku chipatala cha mishoni kunja kwa tauni. Musamanamizane kuti mowa wolowerera m'thupi umangosiyidwa ndi pemphero lokha kunyumba. Ine ndinanjenjemera, ndinaona zinthu zoyenda pa khoma, ndipo pakanapanda anamwino aja sindikudziwa. Chovuta kwambiri chinali kumeza mapiritsi ochokera m'manja mwa munthu wosamudziwa. Bambo ankakhala pambali pa bedi, amvekere, “Meza. Ukafa ndikakuika ndine, sosaite ya maliro ndimalipira.” Ndi nthabwala yokhayo imene ndinawamva akunena moyo wawo wonse.

Nditatuluka ndinadziikira lamulo limodzi. Tsiku lililonse ndilandire chinthu chimodzi m'manja mwa munthu, chimene sindinaone akuchikonza, ndipo ndidye pomwepo. Chimanga chootcha pa msewu, tiyi wa kwa anansi, chilichonse. Ndinkaopa, koma ndinkadya. Mantha sanathe tsiku limodzi. Ankangochepa chifukwa m'mawa uliwonse ndinkapezeka ndili moyo.

Kenako ndinapita ku nyumba imene ndinkaiopa kuposa zonse, kwa mayi ake a Tendai ku Highfield. Ngati panali munthu woti angafune kundithira kanthu, anali iwowo. Anandiyang'ana pakhomo nthawi yaitali, kenako anandilowetsa. Ndinawafotokozera za galimoto ija, chanza chija ndi fodya uja. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza analowa kukhitchini, kumene sindinkawaona, n'kubwera ndi tiyi. Iwo mwambo wolawa analibe. Anangomuika patsogolo panga n'kukhala, manja ali pachifuwa.

“Mwanangu,” anatero, “handizivi. Sindikudziwa ngati unamugulitsa mwana wanga kapena ayi. Iwe ndi Mulungu mukudziwa.”

Ndinanyamula kapu ija n'kumwa. Anali wotsekemera kwambiri, shuga anathira ngati wa mwana. Sananene kuti andikhulupirira. Koma potuluka anati ndizibwera, ndipo ndinkapita.

Chaka chotsatira ndinakapempha ku yunivesite ndipo anandilola kubwereza. Tsiku loyamba mu labu ndinamuuza mnzanga watsopano zoona, kuti ine ndinadwala matenda okayikira anthu, ukaona ndikufuna kutaya zimene wasakaniza undigwire dzanja. Anandigwira kangapo. Nthawi yoyamba kuika pipeti pakamwa ndinakoka ndi mantha mpaka madzi onse analowa m'kamwa. Anali amchere chabe. Ndinalavula mu sinki n'kuyamba kuseka, anthu n'kumadabwa kuti Mubhurandaya wapenganso. Ndinamaliza, ndinakhala mphunzitsi, ndipo botolo sindinalikhudzenso mpaka lero.

Musayembekeze kuti ndikuuzani amene anandipereka kwa apolisi. Sindikumudziwa. Mwina mnansi, mwina wophunzira mnzanga, mwina khoma chabe. Mwinanso Tendai yemweyo atamenyedwa, ndipo ngati ndi iye sindimuimba mlandu. Iye atatulutsidwa anawolokera ku Mozambiki ndipo sanabwerenso, sitinaonane. Alipo anthu ku Rugare, okalamba ngati ine, amene mpaka lero ndikamadutsa amatsitsa mawu. Munthu wa tiyi uja ndinadzamuona nkhondo itatha, pa maliro a munthu wa kwathu, akuimba nyimbo ya mpingo ndi mawu okoma zedi. Anthu oipa alipo, ine sindinabwere kudzakuuzani kuti kulibe. Ndikungoti ukayamba kudikira mayankho onse kuti uyambe kudya, ufa ndi njala chakudya chili patsogolo pako.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinabwerere, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba. Kuyambira Lachinayi lija, mayi sanandipatsenso kanthu osalawa. Kapu ya madzi, mbale ya ndiwo, chilichonse, ankayamba alawa, kupukuta, n'kundipatsa ndi manja awiri. Azing'ono anga ankawapatsabe ndi dzanja limodzi akuwakalipira, ine n'kumasirira kukalipiridwako. Ndinapepesa, ndinagwada, ndinatuma akuluakulu a mpingo. Mayi ankati, “Ndinakukhululukira kalekale, koma dzanjali linazolowera.” Tsiku limene ndinalandira digiri analawa. Pa ukwati wanga analawa, apongozi akuona. Sankachita mwankhanza ayi, ankachita akumwetulira, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka kwambiri. Mowa ndinausiya, sukulu ndinamaliza, koma m'nyumba ya mayi anga ndinakhala mlendo zaka zonsezo, ndipo mlendoyo ndinamuitana ndekha.

Bambo atamwalira ndinawatenga mayi kukakhala nafe ku Waterfalls. Anakalamba, maso anachita khungu, ndipo chakumapeto mutu unayamba kusokonezeka. Mukudziwa chimene chinawagwira? Anayamba kukana chakudya. Ankati anamwino a kuchipatala akuwathira mankhwala, ankati mkazi wanga akufuna nyumba. Mbale ankaikankhira kutali, milomo atatseka kuti gwa. Ine ndinkawamvetsa kuposa wina aliyense, chifukwa kudziko limene analiko ndinakhalako.

Tsiku lina masana ndinawaphikira phala ndekha n'kukhala pambali pa bedi. Ndinati, “Amayi, ndine Layisoni, ndabwera ndi phala.” Ndinatunga ndi supuni n'kuyamba kupita nayo pakamwa panga, kuti amve kuti ndalawa, mtima ukhale pansi. Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji, pakuti sankaona. Dzanja lawo louma lija linatuluka m'bulangete n'kundigwira pa mkono, mwamphamvu, supuni ili m'njira.

“Iwe, ukulawiranji? Ndine mlendo ine?”

Anatsegula pakamwa, pakamwa pomwe paja, ndipo ndinawadyetsa mpaka mbale inatha. Atamaliza anandikalipira kuti phala lake ndi lamadzimadzi, munthu wa digiri kulephera phala. Abale, sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Anamwalira sabata yomweyo.

Ndiye iwe amene wakhala pafupi ndi chitseko, sindikukufunsa dzina, ndipo zimene wamva muno ukhoza kukaziuza aliyense, ine ndinatopa nako kubisa. Ndikungokufunsa kuti kunyumba kwanu ndani amene akukusiyirabe chakudya chovindikira. Upite akadali ndi mphamvu zokukalipira.

Ndamva makapu akulira kukhitchiniko, amayi atikonzera tiyi. Sindinaone amene wamuthira, ndipo sindifunsa. Kapu yoyamba mundipatse ine, ndi dzanja limodzi.